Theka la ola m'Ferrari ya eni ku Maranello

Aliyense wa ife ali ndi mnzake mmodzi amene akangoponda kunja kwa dziko, chithunzi choyamba kutumiza chimakhala cha pa bwalo la ndege, chachiwiri cha mbale ya chakudya chimene dzina lake sangalitchule kawiri, ndiye chachitatu watsamira galimoto yofiira imene mwini wake sakumudziwa n'komwe. Timaseka, timaika kamtima, koma usiku tili chigonere timabwereranso pa chithunzi chija n'kuchikulitsa ndi zala ziwiri. Funso la mumtima limakhala limodzi: kodi munthu wamba ngati ine angakhale pa chiwongolero cha chinthu chimenechi?

Angathe ndithu, ndipo sizilira kuti bambo ako akhale nduna. Zimalira laisensi, pasipoti, ndalama zowawa kutulutsa, komanso kudekha powerenga pepala limene akupatse kuti usaine. Sabata ino ndikufotokozerani za ku Maranello, m'dziko la Italy, kumene ndinayendetsa Ferrari 488 GTB kwa mphindi 30. Kukoma kwake ndikuuzani mosabisa. Ndikuuzaninso zimene sizioneka pa chithunzi, chifukwa ena mwa inu mukukonza maulendo a tchuthi, ndipo ndalama zake mwazikhetsera thukuta.

Katawuni ka kavalo wakuda

Maranello ndi katawuni ka kumpoto kwa Italy, m'chigawo cha Emilia-Romagna, makilomita osakwana 20 kuchokera mumzinda wa Modena. Anthu ake sakwana 20,000, ndiye kuti Ndirande yokha ikuposa kutalitali. Ine ndinafikira kwa msuweni wanga amene akuphunzira ku Bologna, ndipo popanda iye ulendowu sukanatheka, pakuti ku Ulaya chimene chimamaliza thumba ndi pogona ndi chakudya. Tikiti ya ndege ndinaisungira zaka ziwiri, mwezi ndi mwezi, ina kudzera ku banki mkhonde ya ku ntchito. Ndinanyamukira ku Lilongwe, kudzera ku Addis Ababa, n'kukatsikira ku Milan. Kuchoka ku Bologna kupita ku Modena ndi pafupifupi theka la ola pa sitima, kenako umakwera basi yokafika ku Maranello.

Ukangotsika basi umadziwa kuti wafika kwa eni ake. Pa raundabauti pali chiboliboli cha kavalo woimirira ndi miyendo iwiri. M'mawindo a masitolo muli zipewa zofiira, m'malo omwera khofi muli mbendera zofiira. Msuweni wanga anandionetsa tchalitchi cha m'tawunimo n'kundiuza mwambo wake wodziwika: timu ya Ferrari ikapambana mpikisano wa Formula 1, mabelu amalira. Amene mumatsatira masewerowa mukudziwa kuti Michael Schumacher anawaliritsa kwambiri pamene anatenga ukatswiri zaka zisanu zotsatizana, kuyambira 2000 mpaka 2004, ndipo kuyambira 2025 Lewis Hamilton naye akuvala zofiira.

Mwini dzina, Enzo Ferrari, anabadwira ku Modena mu 1898. Anali woyendetsa magalimoto a mpikisano a Alfa Romeo, ndipo mu 1929 anakhazikitsa timu yake ya Scuderia Ferrari. Fakitale anaisamutsira ku Maranello mu 1943, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, ndipo mabomba sanaisiye. Galimoto yoyamba kukhala ndi dzina lake, 125 S, inatuluka mu 1947. Mkuluyu anamwalira mu 1988 ali ndi zaka 90. Kavalo wakuda uja anachokera pa ndege ya Francesco Baracca, msilikali wa ndege wa dziko la Italy amene anafa mu 1918. Amayi ake a Baracca ndi amene anauza Enzo kuti aike kavaloyo pa magalimoto ake kuti azimubweretsera mwayi, ndipo iye anawonjezera chikasu kumbuyo kwake, mtundu wa mzinda wa Modena.

Dera lonseli ndi la akatswiri a injini. Maserati ili ku Modena, Pagani ili ku San Cesario sul Panaro, njinga zamoto za Ducati zimapangidwa ku Bologna, ndipo Lamborghini ili ku Sant'Agata Bolognese. Ferruccio Lamborghini poyamba ankapanga mathirakitala. Nkhani imene anthu a kumeneko amakonda kukamba ndi yakuti anakadandaula kwa Enzo za klatchi ya Ferrari yake, Enzo n'kumuyankha mwachipongwe kuti azilimbana ndi mathirakitala ake omwewo. Mu 1963 wa mathirakitala uja anatsegula kampani yake ya magalimoto othamanga, imene mpaka lero ikulimbana ndi Ferrari pa msika.

Obwereketsa si a Ferrari

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Kampani ya Ferrari sibwereketsa magalimoto kwa alendo odutsa. Pafupi ndi Museo Ferrari, nyumba yoonetsera magalimoto ndi zikho za kampaniyi imene inatsegulidwa mu 1990, pali timakampani toima patokha timene tinagula magalimotowa n'kumawachititsa ganyu. Amawaika panja ali phuliphuli, ndipo anyamata ndi atsikana atanyamula timapepala ta mitengo amakuitanira ngati mmene amachitira oitanira minibasi pa depoti, kungoti awa amayamba ndi kumwetulira.

Amagulitsa nthawi. Pali mphindi 10, mphindi 20, theka la ola, ola lathunthu, ndipo mtengo umakwera malinga ndi galimoto imene waloza. Ya mphindi 10 umangozungulira m'tawuni. Kuti ufike ku mapiri a kum'mwera kwa tawuniyi, kumene msewu umakhotakhota, pamafunika theka la ola kapena kuposa apo. Ine theka la olalo ndinalipira mayuro opitirira 250. Werengani nokha pa mtengo wa lero, ndipo muwonjezerepo mavuto amene munthu amakumana nawo kuti apeze ndalama zakunja kuno kwathu. Ndi ndalama zoposa malipiro a pamwezi a anzanga ambiri amene tinavala nawo gauni tsiku limodzi.

Anandifunsa pasipoti, laisensi ya kuno kwathu, ndi International Driving Permit. Chiphaso chimenechi ndi kabuku komasulira laisensi yako m'zilankhulo zina, ndipo dziko la Italy limafuna kuti mlendo wochokera kunja kwa European Union akhale nacho, kapena akhale ndi kalata yovomerezeka yomasulira laisensi yake. Chimatengedwa kumene unatengera laisensi, usananyamuke. Anandifunsanso zaka zanga ndi zaka zimene ndakhala ndikuyendetsa, pakuti kampani iliyonse ili ndi malire ake pa zimenezi.

Kenako linabwera pepala la mgwirizano. Anzanga, pamenepa ndi pofunika kukhala pansi. Mawu ofunika kuwasaka ndi akuti excess, kapena franchigia m'Chitaliyana. Amenewa ndi ndalama zimene iwe umalipira wekha galimoto ikawonongeka, inshulansi isanayambe kulipira zotsalazo. Pa Vitz ya lendi ndalama zimenezi zimapweteka koma munthu amapirira. Pa Ferrari, limu limodzi lokhulika pa mwala wa m'mbali mwa msewu likhoza kumeza ndalama zonse za tchuthi, n'kutsala ndi ngongole. Ndinafunsa mafunso anga mmodzimmodzi: ndikakhula ine, ndilipira zingati? Akandigunda wina, zikhala bwanji? Matayala, malimu ndi pansi pa galimoto zili m'kati mwa inshulansi? Kamera ya pa msewu ikandijambula, chindapusa alipira ndani? Funso lomalizali anayankha asanaphethire n'komwe: alipira ndi amene ali pa chiwongolero. Ndinapempha kuti andionetse ndi chala pamene yankho lililonse lalembedwa. Msuweni wanga, amene Chitaliyana amachimva bwino, anawerenganso mbali ina. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo phula la mayuro silimezeka.

Chinanso, vidiyo ya ulendowo amalipiritsa padera. Ndipo 488 ili ndi mipando iwiri yokha, umodzi wako, wina wa mlangizi wa kampaniyo amene amakhala nawe ulendo wonse. Ngati ukufuna kuti bwenzi lako likwere nawo, uyenera kusankha yokhala ndi timipando ta kumbuyo monga Portofino. Msuweni wanga anatsala pa benchi atanyamula chikwama changa.

Kulowamo ndi ntchito payokha

Chinthu choyamba chimene galimoto imeneyi imakuphunzitsa ndi kugwada. Denga lake limalekeza cha m'chiuno mwa munthu wamtali, ndipo kuti ulowe umayamba kutsitsa thako, miyendo n'kumatsatira pambuyo. Atsikana, siketi yothina isiyeni ku nyumba. Ukakhala pansi umamva ngati wakhala pa mphasa, maso ako ali pa mulingo wa matayala a basi.

Chiwongolero chili kumanzere, chifukwa ku Italy amayenda kumanja kwa msewu. Ndodo ya magiya palibe. Kuseri kwa chiwongolero kuli timapiko tiwiri: ukakoka ka kumanja giya imakwera, ukakoka ka kumanzere imatsika, ukakoka tonse pamodzi galimoto imakhala pa nyutulo. Rivesi ndi batani. Ngakhale indiketa si kandodo kamene tinazolowera, ndi mabatani awiri a pa chiwongolero pomwepo, oti uzidina ndi zala zazikulu osachotsa manja. Palinso kabatani kofiira kopotokola kamene amakatcha manettino, kosinthira khalidwe la galimoto: pali pa Wet pa nthawi ya mvula, pa Sport, pa Race, ndi malo ena awiri amene amachepetsa kapena kuzimitsiratu makompyuta othandiza kuti galimoto isaterereke. Mlangizi wanga, bambo wa imvi za m'mbali wolankhula Chingerezi chodukaduka, anakaika pa Sport n'kundiuza kuti kameneko ndi kake, ine ndisakakhudze. Ndinaonanso kuti kumbali yake kulibe buleki ngati mmene zimakhalira m'galimoto za sukulu yophunzitsa kuyendetsa. Moyo wake unali pa phazi langa, ndipo amachita zimenezi tsiku lililonse ndi alendo amene sakuwadziwa.

Ndinaponda buleki n'kudina batani lofiira. Injini ya galimoto imeneyi ili kumbuyo kwa mipando, pansi pa galasi loti aliyense aziiona, ndiye ikalira imalirira pa msana pako penipeni. Phokosolo limayambira m'nthiti, makutu amamva pambuyo. Anthu amene ankadutsa ndi ana awo anatembenuka, mafoni m'mwamba. Ndikanama ndikati sizinandikomere.

Pambuyo pa Fiat Panda

Mphindi zoyambirira za ulendo wa maloto ako zimathera pa liwiro la makilomita 50 pa ola, chifukwa ndiwo malire a m'tawuni ku Italy. Kunja kwa tawuni ndi 90, ndipo 130 ndi ya pa misewu ikuluikulu ya autostrada imene ulendo waufupi ngati wanga sufikako. Ndinayenda mtunda ndithu pambuyo pa gogo wina wa Fiat Panda amene sanasamale n'komwe kuti kumbuyo kwake kuli chiyani. Kwa iye Ferrari ndi ngati mmene ife timaonera kabaza.

Nthawi imeneyo inandithandiza kuzolowera. Ubongo wa munthu wophunzira kuyendetsa ku Malawi umafuna kumanzere, ndiye pa mphambano iliyonse ndinkadzikumbutsa chamumtima kuti kumanja, kumanja. Pa raundabauti amazungulira mosemphana ndi ife, ndipo galimoto zimene uyenera kuzipatsa mpata zimachokera kumanzere. Galimotoyi ndi yotambalala, pafupifupi mamita awiri, pamene misewu ya m'matawuni a ku Italy ndi yopapatiza. Chodabwitsa n'chakuti pa liwiro lochepa ndi yofatsa zedi. Ukaisiya pa otomatiki imasintha magiya ake asanu ndi awiri mwakachetechete ngati galimoto ina iliyonse.

Tinadutsa pa geti lakale la fakitale, la njerwa zofiirira, pa msewu wa Via Abetone Inferiore, pamene alendo amaima pa mzere kudikira kujambulitsa. Tinadutsanso pafupi ndi Fiorano, bwalo limene kampaniyi inamanga mu 1972 kuti iziyeserapo magalimoto ake. Kenako nyumba zinayamba kuchepa, minda ya mpesa inayamba kuoneka, msewu n'kuyamba kukwera.

Pa malo ena owongoka, opanda nyumba, opanda wina kutsogolo, mlangizi anandiuza kuti nditsike liwiro mpaka pafupifupi kuima, nditsitse magiya, ndigwire chiwongolero ndi manja onse awiri. Kenako anati ponda. Abale, mutu unamenya pa mpando. M'mimba munangoti zii ngati ndaponda pa dzenje mu mdima. Ndisanamalize kukoka mpweya, dzanja la mlangizi linali kale m'mwamba kundiuza kuti basi, tafika pa malire. Zonsezo zinatenga masekondi ochepa kuposa amene mwatenga powerenga chiganizo chino.

Manambala ake ndi awa. Galimoto imeneyi inatuluka mu 2015. Injini yake ndi V8 ya malita 3.9 yokhala ndi matebo awiri, ndipo dzina lakuti 488 likuchokera pa kukula kwa silinda imodzi mwa zisanu ndi zitatuzo, ma cc 488. Imatulutsa ma horsepower 670. Vitz kapena Passo ya lita imodzi, imene ambirife tinaphunzirira, imatulutsa pafupifupi 70. Ndiye ganizirani ma Vitz asanu ndi anayi kapena khumi atamangidwa pamodzi pansi pa phazi limodzi. Kuchoka poima kufika pa 100 imatenga masekondi atatu, ndipo pa nthawi imeneyo mphamvu yokukanikizira pa mpando imakhala pafupifupi yofanana ndi kulemera kwa thupi lako lomwe. Liwiro lake lomaliza ndi 330. Msewu wa Lilongwe kupita ku Blantyre ukanakhala wowongoka, wopanda maenje, mbuzi, marodibuloko ndi misika ya m'mbali, bwenzi ukufika ola lisanakwane.

Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mabuleki. Ndi a carbon ceramic, opangidwa kuti asafooke ngakhale atatentha kwambiri. Ukawaponda, lamba amakugwira pa chifuwa ndipo galimoto imakhala pansi osagwedezeka, osapita uku ndi uku. Pokhota napo, chiwongolero ukangochisuntha pang'ono mphuno yalowa kale. Imamvera msanga moti imaulula chilichonse chimene manja ako akuchita, ngakhale kunjenjemera. Nditatsika, malaya anali atamatirira ku msana ndipo miyendo inali lendelende, chonsecho sindinapyole malire a pa msewu ngakhale kamodzi.

Masamu amene ndinabwera nawo

Pobwerera pa sitima ndinatenga foni n'kuyamba kuwerengera. Pa liwiro la 100, galimoto imayenda mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Bwalo la mpira umalimaliza masekondi anayi asanakwane. Munthu watcheru amatenga pafupifupi sekondi kuti aone choopsa ndi kusuntha phazi, ndiye kuti mamita 28 apita buleki isanagwire n'komwe. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira suwirikiza kawiri, umawirikiza kanayi. Lamulo limeneli ndi la chilengedwe, silisankha kuti iyi ndi Ferrari kapena Probox.

Kusiyana kwake n'kwakuti Ferrari inapangidwira liwirolo kuyambira ku matayala mpaka ku mabuleki, ikuyenda pa msewu wosalala, ndipo pambali pali munthu amene ntchito yake ndi kukuletsa. Ife timathamanga 120 pa M1 ndi galimoto imene inayenda kale zaka khumi ku Japan isanafike pa doko la Dar es Salaam, matayala ogula pa kaunjika, mabuleki amene makaniko anati apirirabe mwezi uno. M'mbali mwa msewu muli ana a sukulu, amayi osenza mitolo, akabaza onyamula matumba a makala. Bungwe la World Health Organization limati ngozi za pa msewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka pa dziko lonse, ndipo ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Amenewo ndi ife, ndi azing'ono athu. Ndani mwa ife amene sanapiteko ku maliro a mnzake amene ankangobwerera ku nyanja Lamlungu madzulo?

N'chifukwa chake ndimati ngati mtima wanu umalakalaka liwiro, ndi bwino kukaulipirira pa malo ake, pamene pali mlangizi ndi malamulo, kusiyana ndi kukauyesera pa msewu wa Salima ndi anzanu anayi kumbuyo.

Kodi ndalamazo zinapita bwino?

Madzulo ake ndinaimbira amayi pa WhatsApp n'kuwatumizira kavidiyo. Anakaonera kawiri, kenako anafunsa kuti, "Ndiye galimotoyo ubwera nayo?" Nditawauza kuti ayi amayi, ndinangobwereka kwa theka la ola, anafunsa mtengo. Nditatchula, panadutsa kanthawi ali chete. "Mwana iwe, ndalama zimenezo si matumba a feteleza amenewo?" Sanalakwe. Ndinawayankha kuti feteleza wa chaka chino ndinatumiza kale ndisananyamuke, ndipo iwo anaseka n'kunena kuti chabwino, bola wabwerako ndi miyendo yonse.

Kwa ine yankho lagona pamenepo. Ndalama zimene ndinalipira zinali zoikidwa padera, lendi italipiridwa, za kumudzi zitapita, tikiti yobwerera ili m'thumba. Pa ndalama zotero, theka la ola lija ndilibe nalo chisoni. Kuyambira ndili ku pulayimale ndinkadula zithunzi za magalimoto amenewa m'magazini akale n'kumata m'kope la masamu, ndipo tsopano ndikudziwa fungo la m'kati mwake. Zikanakhala ndalama za katapila, kapena za fizi ya mng'ono wanga, ulendo womwewo ukanakhala uchitsiru wa mphindi 30 wolipira chaka chathunthu.

Palinso mtengo wina umene sulembedwa pa risiti. Chithunzi chikangofika pa Facebook, anthu amawerenga zimene akufuna. Pasanathe masiku awiri ndinalandira mauthenga a achibale amene tinasiya kulankhulana kalekale, wina akufuna mpamba wa bizinesi, wina akuti tsopano poti zinthu zikuyenda ndisaiwale kwathu. Ndinali nditalemba momveka pansi pa chithunzicho kuti galimotoyo ndi yobwereka ndipo ndalipira mphindi, komabe ena anaona kavalo yekha. Ndimaganiziranso mnyamata amene wamaliza digiri chaka chatha, ali pa nyumba ya makolo kudikira ntchito, akuona chithunzi chotero pakati pa usiku n'kumadziona ngati wotsalira. Kwa iye ndikuti: mu 2023 kampani ya Ferrari inagulitsa magalimoto 13,663 okha pa dziko lonse lapansi, chiwerengero chimene Toyota imachikwanitsa tsiku limodzi lisanathe. Pafupifupi aliyense amene mumamuona pa intaneti ali m'galimoto yotere ndi mlendo ngati ine, wawerengeredwa mphindi, ndipo pambuyo pake anakwera basi.

Ndipo tinene zoona, itati yabwera kuno ingavutike. Pansi pake m'pafupi kwambiri ndi nthaka moti hampu yoyamba ya mu tauni ingaisiye ili lende ngati bwato pa mchenga. Msewu wa fumbi wopita kwa agogo ndiye tisanene. Sienta ili ndi ulemu wake.

Ngati mwatsimikiza mtima

Yambani ndi mapepala. Wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ya Schengen kuti alowe mu Italy, ndipo kuyambira June 2024 mtengo wake kwa munthu wamkulu ndi mayuro 90. Amafunanso inshulansi ya chipatala ya pa ulendo yosachepera mayuro 30,000. Dziwani kuti inshulansi imeneyi ndi ya thupi lanu, siikhudza galimoto ya eni, ndipo zina zimakana kulipira ngozi yochitikira pa bwalo la mpikisano, choncho werengani zimene mwagulazo. International Driving Permit itengeni mukadali kuno.

Mukafika, musathamangire kampani yoyamba imene yakumwetulirani. Zili moyandikana, ndiye yendani, funsani mitengo itatu, yerekezani excess ya iliyonse. Musanalowe m'galimoto, izungulireni ndi foni mukujambula vidiyo, makamaka malimu ndi bampa ya kutsogolo, kuti chilema chakale chisakhale chanu. Funsani ngati mphindi zimayamba kuwerengedwa injini ikalira kapena mukatuluka pa geti. Sankhani nthawi ya m'mawa kapena imene anthu sakuweruka ku ntchito, kuopa kulipira mayuro kuti mukhale pa mzere wa magalimoto. Kukagwa mvula, pemphani tsiku lina. Valani nsapato zopyapyala pansi kuti phazi lizimva chimene likuponda. Vinyo wa Lambrusco, amene dera limeneli limatchuka naye, adikire mpaka mutabweza makiyi.

Ngati muli ndi mtima wofuna kuponda mpaka pansi, msewu wa anthu onse si malo ake, kaya ndi ku Italy. Funani bwalo. Amene mumapita ku Dubai kukaoda katundu, Dubai Autodrome ndi Yas Marina Circuit ya ku Abu Dhabi, kumene kumachitikira Formula 1 kuyambira 2009, amagulitsa maulendo oyendetsa pa bwalo ndi mlangizi. Kufupi kuno, ku South Africa kuli Zwartkops pafupi ndi Pretoria, kumene kumachitika maphunziro a kayendetsedwe kapamwamba, ndipo ubwino wake amayenda kumanzere ngati ife. Maphunziro otero amakuphunzitsa kuima mwadzidzidzi ndi kuwongola galimoto ikaterereka, luso limene ungabwere nalo ku Malawi n'kuligwiritsa ntchito mvula yoyamba ikagwa.

Ndipo ngati thumba silikulola kuyendetsa, tikiti ya Museo Ferrari ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi mphindi 10 za pa msewu. Mumaona magalimoto a Formula 1 a zaka zosiyanasiyana muli chiimire pafupi, zikho zili m'mashelefu, ndipo ku Modena kuli nyumba ina yachiwiri, Museo Enzo Ferrari, imene inatsegulidwa mu 2012 pamalo pamene mkuluyu anabadwira. Mukatuluka, khalani pa benchi pafupi ndi geti la fakitale ndi ayisikilimu m'manja. Posachedwa imodzi idutsa, ndipo kumvera kulira kwake salipiritsa.

Sabata yamawa tikambirana za viza ya Schengen mwatsatanetsatane: mapepala amene amafuna, za sitetimenti ya ku banki, ndi chifukwa chake muyenera kuyamba kukonzekera miyezi ingapo tsiku la ulendo lisanafike. Mpaka nthawi imeneyo, mangani lamba, ngakhale mutakhala kumbuyo.